Mafuta a ku Doba m'dziko la Chad: lamulo linagwira ndalama zochepa, zambiri zinadzera kumbali

Lipotili ndalembera anzanga amene ntchito yathu ndi kulangiza maboma, aphungu kapena mabungwe pa kasamalidwe ka ndalama zochokera ku migodi ndi mafuta apansi. Nkhani yake ndi ya dziko la Chad, kuyambira mu 1999 pamene linakhazikitsa lamulo loyendetsera ndalama za mafuta. Ambiri a ife tinaimva mwachidule: boma linalonjeza, mafuta atayamba kutuluka linaphwanya lonjezo. Zimenezo n'zoona, koma si zonse. Mukaliwerenga lamulolo mofatsa mupeza kuti ndalama zambiri zinatuluka popanda munthu kuphwanya ndime ina iliyonse, chifukwa lamulolo silinkazikhudza n'komwe. Maina a anthu sinditchula, maudindo awo akwanira.

Mmene zinthu zinalili poyamba

Mafuta a ku Doba, kummwera kwa Chad, anapezeka m'zaka za m'ma 1970, koma anakhala pansi osakumbidwa kwa zaka pafupifupi 30. Nkhondo yapachiweniweni inali chifukwa chimodzi. China n'chakuti dzikolo lili kutali ndi nyanja, ndipo kuti mafuta afike kwa ogula pankafunika paipi ya makilomita 1,070 yodutsa m'dziko la Cameroon mpaka ku Kribi, m'mbali mwa nyanja ya Atlantic. Ntchito yonse, zitsime pamodzi ndi paipi, anaiwerengera kuti idya madola 3.7 biliyoni. Kumapeto kwa 1999 makampani a Shell ndi Elf anatulukamo, ndipo mu 2000 malo awo anatengedwa ndi Petronas ya ku Malaysia ndi Chevron. Kampani ya ExxonMobil, imene inkatsogolera ntchitoyi, inatsala ndi magawo 40 pa 100 alionse, Petronas 35, Chevron 25.

Makampaniwa sankasowa ndalama. Chimene ankafuna ku banki ya World Bank ndi chitetezo: boma likadzafuna kusintha pangano kapena kulanda katundu, lidzakhale likudziwa kuti likuyambana ndi wobwereketsa wake wamkulu. Ngongole imene bankiyo inapereka ku maboma awiriwo kuti agule masheya m'makampani a paipi inali yaing'ono ndithu, madola 39.5 miliyoni ku Chad ndi 53.4 miliyoni ku Cameroon. Koma poti popanda dzina lake ntchito sikanayamba, banki inali ndi mawu aakulu kuposa ndalama zake, ndipo inawagwiritsa ntchito kufuna lamulo lisanaikidwe khasu pansi.

Lamulolo ndi nambala 001 la mu Januwale 1999. Ndalama za mafuta zinkayamba zalowa mu akaunti yapadera ku banki ya Citibank mumzinda wa London, osati m'thumba la boma. Akachotsapo zobwezera ngongole za ntchitoyi, magawo 10 pa 100 ankapita ku thumba la mibadwo yam'tsogolo. Pa zotsalazo, pafupifupi magawo 80 anali a zaumoyo, maphunziro, misewu, madzi ndi chitukuko chakumudzi. Magawo 5 anali a chigawo chimene mafuta akuchokera. Magawo 15 boma linkatha kugwiritsa ntchito pa zofuna zake zina. Panalinso komiti ya anthu 9 yotchedwa Collège de Contrôle et de Surveillance des Ressources Pétrolières, momwe anayi anali ochokera ku mabungwe omwe si aboma, ndipo ndalama sizinkayenera kutuluka komitiyi isanavomereze. World Bank inavomereza ntchitoyi mu Juni 2000, ndipo kwa zaka zingapo inkatchulidwa ngati chitsanzo cha mmene dziko losauka lingapewere kuonongeka ndi chuma chake chomwe.

Pamene panatsala mpata

Lamuloli linkagwira mitundu iwiri yokha ya ndalama. Woyamba ndi royalty, gawo la 12.5 pa 100 limene boma linkalandira pa mafuta otulutsidwa. Wachiwiri ndi phindu la masheya a boma m'makampani a paipi. Msonkho wa phindu la makampani, misonkho ya katundu wolowa m'dziko ndi ndalama zina zonse zinkapita molunjika m'thumba la boma, kumene komiti ija inalibe mawu. Komanso lamulolo linkatchula minda ya mafuta itatu yokha: Komé, Miandoum ndi Bolobo. Unali mpanda wolimba, koma wozinga mbali imodzi ya dimba.

Tisafulumire kuwaseka amene analemba. Panthawiyo mgolo wa mafuta ankauwerengera pa madola pafupifupi 15, ndipo chiyembekezo chinali chakuti Chad idzapeza madola pafupifupi 2 biliyoni pa zaka 25. Pa mtengo wotero kampani imatha zaka zambiri ikubweza zimene inaononga pomanga, phindu lodulapo msonkho n'kuchedwa kubwera ndiponso kukhala lochepa. Royalty ndiyo inkaoneka ngati mtsinje waukulu, msonkho ngati kadontho. Palinso ndale: boma lililonse limakana kuti anthu akunja aziliuza chochita ndi misonkho yake, ndipo okambirana anatenga chimene chinatheka. Cholakwika chinali kumanga lamulo la zaka 25 pa mtengo umodzi wa mafuta, osafunsa kuti mtengowo ukadzakwera kanayi kapena kasanu, ndalama zidzadzera njira iti.

Chizindikiro choyamba

Chinaoneka mafuta asanatuluke ndi dontho lomwe. Mu 2000 Chevron ndi Petronas zinalipira boma bonasi ya madola 25 miliyoni polowa m'gululo, ndipo chakumapeto kwa chakacho zinadziwika kuti madola 4.5 miliyoni anagulira zida zankhondo. Boma silinabise, linati chitukuko sichingatheke popanda chitetezo. World Bank ndi bungwe la zachuma padziko lonse la IMF zinakwiya, boma linavomera kuti ndalama zotsalazo ziyendetsedwe motsatira mzimu wa lamulo lija, ndipo mu Meyi 2001 Chad inaloledwa kulowa mu ndondomeko ya HIPC yochepetsera ngongole za maiko osauka. Kumanga paipi kunapitirira.

Ine ndimaona kuti apa m'pamene panali mwayi waukulu wokonza zinthu, ndipo unadutsa. Nkhani ya bonasiyi anaitenga ngati khalidwe loipa lofunika kudzudzula, pomwe inkaonetsa poyera njira imene ndalama zidzatsate. Bonasi sinali royalty, sinalinso phindu la masheya, choncho lamulo silinaikhudze. Boma linaonetsa, tsiku loyamba lomwelo, chimene lidzachite ndi ndalama iliyonse yogwera kunja kwa mpanda. Nthawiyo paipi inali isanamalizidwe, makampani ankafunabe chishango cha banki, boma linkafuna kuchepetseredwa ngongole. Kukulitsa lamulo kuti ligwirenso misonkho ndi minda yatsopano kukanatheka kukambidwa pamenepo. Pambuyo pake panalibenso chokakamizira.

Paipi inathamanga, maofesi anatsalira

Makampani anamaliza ntchito yawo pafupifupi chaka chathunthu nthawi isanakwane, ndipo mafuta anayamba kuyenda m'paipi mu Julayi 2003. Ntchito yophunzitsa akuluakulu a boma kuwerengera mafuta, kukonza bajeti ndi kulondoloza makontirakiti inali ikukwawa. Gulu la alangizi odziimira paokha limene banki yomweyo inakhazikitsa linachenjeza mobwerezabwereza kuti mbali ziwirizi sizikuyendera limodzi.

Zotsatira zake zinkaoneka pa tinthu tating'ono. Mafuta a ku Doba ndi olemera komanso a asidi wambiri, choncho amagulidwa motsika kuyerekeza ndi mafuta a Brent amene mtengo wake umalengezedwa m'nyuzi. Royalty inkawerengedwa atachotsapo kusiyanako pamodzi ndi mtengo woyendetsera mafuta m'paipi. Mu 2004 boma linadandaula poyera kuti likulandira zochepa, koma linalibe akatswiri okwanira oti atsutse ziwerengero za makampani ndi ziwerengero zawozawo. Wosadziwa kuyeza migolo ndi kutsimikiza mtengo amangolandira chimene wapatsidwa, ngakhale lamulo logawira ndalamazo likhale labwino chotani.

Komiti ya Collège inagwira ntchito kuposa mmene ambiri ankaganizira, ndipo izi ziyenera kunenedwa. Inabweza mapempho ena a maunduna, inayendera ntchito, n'kulemba malipoti oonetsa ntchito zolipiridwa koma zosamalizidwa ndi katundu wogulidwa pa mitengo yokwera mopanda chifukwa. Koma ikapeza cholakwa inkangolemba. Inalibe mphamvu yolanga, ndipo ndalama zoyendetsera ofesi yake zinkachokera ku boma lomwelo limene inkaliyang'anira. Ku chigawo cha mafuta, gawo la 5 pa 100 lija linamangira mwa zina bwalo la masewera mumzinda wa Doba, pamene midzi yozungulira zitsime inkadandaula za minda yotengedwa ndi madzi akumwa.

Chaka cha 2005: pamene zinatembenukira

Kuti timvetse zimene boma linachita, tiyenera kukhala kaye pa mpando wa nduna ya zachuma. Nkhondo ya ku Darfur, kutsidya kwa malire ndi Sudan, inali itabweretsa othawa kwawo pafupifupi 200,000. Mu Juni 2005 riferendamu inachotsa malire a nthawi imene mtsogoleri wa dziko angalamulire, zimene zinakwiyitsa ngakhale ena a m'gulu lake lomwe. Asilikali ena anathawa n'kukalowa m'magulu oukira boma kum'mawa. Ogwira ntchito m'boma malipiro awo ankachedwa ndipo ankanyanyala. Panthawi yomweyo ku London kunali madola pafupifupi 36 miliyoni osungira ana amene sanabadwe, ndipo ndalama za maunduna osankhidwa aja zinkakhala osagwiritsidwa ntchito chifukwa maundunawo ankachedwa kukonza mapepala.

Apa pali phunziro limene ife olemba malamulo sitikonda kulimva. Lamulo likagawa ndalama m'timatumba tosakhudzana, nduna imapezeka ili ndi ndalama yomangira sukulu koma ilibe yolipirira mphunzitsi kapena msilikali. Lamulo lotero limadzipangira lokha adani, ndipo adaniwo sakhala akuba okhaokha. Sindikunena kuti boma la Chad linali ndi mtima woyera: chaka chomwecho bungwe la Transparency International linaika dzikolo pansi penipeni pa mndandanda wake wa katangale, limodzi ndi Bangladesh. Ndikunena kuti kuuma kwa lamulo kunapatsa boma chifukwa chomveka kwa anthu ake.

Kumapeto kwa Disembala 2005 nyumba ya malamulo inasintha lamulo 001. Thumba la mibadwo yam'tsogolo linathetsedwa, ndalama zake n'kutengedwa. Gawo limene boma linkagwiritsa ntchito mwa kufuna kwake linakwera kuchoka pa 15 kufika pa 30. Chitetezo ndi kayendetsedwe ka boma zinaikidwa pa mndandanda wa zinthu zofunika koyamba, kutanthauza kuti mfuti inakhala m'gulu limodzi ndi mankhwala. Zonsezi zinachitika motsatira malamulo a dzikolo: amene anapanga lamulo ndi omwewo analisintha.

World Bank inatemetsa nkhwangwa pamwala. Mu Januwale 2006 inaimitsa ngongole ndi thandizo za madola 124 miliyoni, ndipo akaunti ya ku London inatsekedwa. Chifukwa chake chinali chomveka: pangano la ngongole linkaletsa kusintha lamulolo popanda kugwirizana, ndipo kungoyang'ana kukanachotsa tanthauzo la mapangano ena onse otere kwina kulikonse. Koma kulimbako kunangotha miyezi itatu. Pa 13 Epulo magulu oukira boma anafika mumzinda wa N'Djamena, likulu la dzikolo. Boma litawabweza, linaopseza kuti litseka zitsime ndalama zake zikapanda kutuluka. Maiko amene ankaopa kuti Chad igwa moto wa ku Darfur uli mkati sanafune kuti boma lisowe ndalama, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo panapezeka mgwirizano wongoyembekezera. Mu Julayi 2006 mbali ziwirizi zinasainirana kuti magawo 70 pa 100 a bajeti yonse azipita ku ntchito zochepetsa umphawi.

Taonani bwino pangano la mu Julayi limeneli. Linkagwira ndalama zonse, misonkho yomwe, chinthu chimene chinasowa mu 1999. Mwa kalembedwe linali labwino kuposa lamulo loyamba. Kungoti linabwera pamene banki inalibenso chogwirira boma. Mwezi wotsatira, Ogasiti 2006, Chad inasiya ubale wake ndi Taiwan n'kuyamba ubale ndi China, ndipo posakhalitsa kampani ya mafuta ya boma la China, CNPC, inakulitsa ntchito zake m'minda ina ya mafuta. Mwezi womwewo mtsogoleri wa dziko analamula Chevron ndi Petronas kuti zituluke ponena kuti sizinalipire msonkho, ndipo mkanganowo unatha makampaniwo atavomera kulipira madola pafupifupi 280 miliyoni. Malipiro amodzi amenewa anali kasanu ndi kawiri kuposa ngongole ya paipi imene World Bank inapatsa Chad, ndipo unali msonkho, ndalama ya kunja kwa mpanda.

Mmene zinathera ndi banki

Mitengo ya mafuta inkangokwera, mpaka kufika madola 147 pa mgolo mu Julayi 2008. Makampani anabweza msanga zimene anaononga, msonkho wa phindu n'kuposa royalty, ndipo boma linayamba kulandira madola oposa biliyoni imodzi pachaka. Mu Febuluwale 2008 oukira boma anafikanso mu N'Djamena, pafupi ndi nyumba ya mtsogoleri, ndipo ndalama zopita kwa asilikali zinakwera kwambiri. Mlingo wa 70 pa 100 sunakwaniritsidwe. Mu Seputembala 2008 World Bank inalengeza kuti yatuluka mu ntchitoyi, boma litabweza nthawi isanakwane madola 65.7 miliyoni amene linatsala nawo pa ngongole ya paipi pamodzi ndi ngongole zina za ntchitoyi. Ngongole ikatha, mfundo zake zimathera pomwepo, ndipo kwa boma lolandira biliyoni pachaka mtengo wodziombolera unali wotsika. Mu 2009 nthambi ya banki yomweyo younika ntchito zake inalemba kuti cholinga chachikulu, chochepetsa umphawi ndi kukonza kayendetsedwe ka chuma, sichinakwaniritsidwe, ngakhale paipiyo inamangidwa bwino ndipo inabweretsa ndalama zoposa zimene ankayembekezera.

Zimene ndimayang'ana ndikapatsidwa bilu yotere

Ndimayambira pa ndime yofotokoza kuti ndalama za mafuta kapena za mgodi ndi ziti, ndisanaone n'komwe za kagawidwe. Anthu amakonda kukangana kuti zaumoyo zipatsidwe 30 kapena 40, chikhalirecho nkhondo yeniyeni ili pa chimene chikugawidwacho. Ndimafuna kuona royalty, msonkho wa phindu, mabonasi, lendi ya malo, phindu la masheya, gawo la boma lolandiridwa ngati mafuta enieni osati ndalama, ndiponso migodi imene sinapezeke. Kenako ndimapempha a ziwerengero andionetse mmene ndalama zigawikire pakati pa njira zimenezi mtengo ukatsika ndi theka komanso ukakwera kasanu. Maiko amene anabwera pambuyo anasamala pamenepa: lamulo la Timor-Leste la 2005 ndi la Ghana la 2011 amalowetsa misonkho ya makampani a mafuta m'thumba lomwelo limene mumalowa royalty.

Kodi lamulo lokwana bwino likanapulumuka ku Chad, adani ali pakhomo la nyumba ya mtsogoleri? Ndikukayika. Boma limene likuopa kugwa mawa silingasungire mwana wa zaka 30 zikubwerazo, ndipo palibe ndime imene ingalisinthe mtima. Koma likanafunika kuthyola chinthu chachikulu anthu akuona, m'malo mongolandira ndalama zambiri mwakachetechete kudzera khomo limene linasiyidwa lotsekula. N'chifukwa chake ndimalimbikira kwambiri za kulengeza ziwerengero kuposa za kumanga manja a nduna: migolo ingati, pa mtengo wanji, yalipidwa liti, ku akaunti iti. Ndimalimbikiranso kuti komiti yoyang'anira ikhale ndi ndalama zake zotchulidwa m'lamulo, komanso njira yotumizira zimene yapeza kwa oimba milandu popanda kupempha chilolezo kwa amene ikuwafufuza. Ndipo kwa anzanga ogwira ntchito kumbali ya obwereketsa: mawu anu amamveka kufikira tsiku limene mgolo woyamba wagulitsidwa. Chimene simunachipeze lisanafike tsikulo musachiyembekezere mawa, ndipo ngati maofesi a boma akutsalira, malo okokera chingwe ndi pa liwiro la kumanga.

Khomo lina limene palibe analiganizira

Nkhaniyi sinathere mu 2008. Mu 2014 kampani ya boma ya mafuta, SHT, inagula magawo 25 a Chevron pa madola 1.3 biliyoni, ndi ndalama yobwereka kudzera ku kampani yogula ndi kugulitsa mafuta ya Glencore, yoti idzabwezedwe ndi mafuta enieni. Panthawiyo mgolo unali pa madola oposa 100. Pofika Januwale 2015 unali utatsika kufika pansi pa madola 50, kutanthauza kuti pankafunika migolo yochuluka kawiri kuti ngongole yomweyo ibwezedwe. Gawo lalikulu la mafuta a boma linkapita kwa wobwereketsa lisanasanduke ndalama yoti nkulowa m'bajeti, choncho ngakhale lamulo 001 likanakhalapo mmene linalili poyamba, likanapeza zochepa zoti ligawe. Mu 2016 boma linadula ndalama zapadera za ogwira ntchito m'boma, sitalaka n'kubuka. Ngongoleyo inakambidwanso mu 2015 ndi mu 2018.

Mu Januwale 2021 Chad inakhala dziko loyamba kupempha kuti ngongole zake zionedwenso pansi pa ndondomeko ya maiko a G20 yotchedwa Common Framework, ndipo zokambirana zinachedwa makamaka chifukwa cha ngongole ya mafutayi. Mgwirizano unapezeka mu Novembala 2022, mitengo ya mafuta itakweranso, ndipo obwereketsa anangosuntha nthawi yobwezera osadula ngongoleyo. Mwezi wotsatira ExxonMobil inagulitsa magawo ake ku kampani ya Savannah Energy. Boma linakana kuvomereza malondawo, ndipo mu Malichi 2023 linatenga magawo 40 aja kukhala a dziko.